Ndavala oimba amene sindinawamvepo

Kuno ku Lobi, June akafika, munthu safunsa kuti chovala chalembedwa chiyani. Amafunsa ngati chili chokhuthala. N'chifukwa chake tsiku la msika, ogulitsa kaunjika akangodula zingwe za belo, mumatipeza ife alimi a mbatatesi tagwada mozungulira mulu, tikufinya nsalu ndi zala, maso osagwera n'komwe pa zolembedwazo. Mapeto ake agogo ena amapita kumaliro atavala malaya olembedwa Slayer, wakabaza amakwera chitunda ndi AC/DC pachifuwa, ndipo mnyamata wa pachiwaya amakazinga tchipisi atavala Metallica yonona ndi mafuta. Mzungu atafika pano mwadzidzidzi akhoza kulembera kwawo kuti wapeza likulu la heavy metal la Africa yense.

Koma onsewo ndi ana kwa ine. Ine ndili ndi jekete ya jinzi yopanda manja, yodzaza zigamba kuyambira pakolala mpaka m'chiuno. Wogulitsa anandiuza yekha kuti mwini wake woyamba anali wovutika kwambiri, chifukwa palibe malo amene sanasokepo. Ndinamumvera chisoni mzunguyo, koma chisonicho sichinandiletse kunenerera. Ndinati chovala chopanda manja ndi theka la chovala, choncho mtengonso ukhale theka. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda monyang'wa, ndikudziona ngati katswiri wa malonda.

Muphwa wanga amene amaphunzira ku Lilongwe atabwera kutchuthi anaima pakhomo n'kugwira pakamwa.

"Atsibweni, mukudziwa chimene mwavalachi?"

"Jekete," ndinayankha.

Anandikhazika pansi ngati mwana wa sukulu, n'kutulutsa foni. Akuti pansi pa zigambazo palibe bowo ngakhale limodzi. Manjawo sanadyedwe ndi makoswe a m'sitima, mwini wake anachita kudula dala ndi sizasi. Okonda heavy metal amatcha chovala chotere battle jacket, ndipo chigamba chilichonse ndi dzina la gulu loimba limene mwini wake amalikonda. Chachikulu cha kumsana ndi cha gulu la pamtima. Ting'onoting'ono takutsogolo ena amatigula kumalo kumene anakaonera oimbawo maso ndi maso. Munthu amasoka yekha ndi singano, zaka ndi zaka, ndipo anzake akangoona jeketeyo amadziwiratu ngati angagwirizane naye kapena ayi.

Ndiye kuti ine, bambo wa ana, membala wa komiti ya mjigo, ndakhala ndikuyenda ndi mbiri ya moyo wa munthu wina kumsana.

Kumsanako kuli Iron Maiden, gulu limene linayamba ku London mu 1975. Chinkhope chowola chimene ana a m'mudzi amathawa akandiona chili ndi dzina, ndi Eddie, ndipo chimapezeka pa zimbale za gululo. Woimba wawo Bruce Dickinson ankayendetsanso ndege zikuluzikulu zonyamula anthu. Ine njinga yanga yakapalasa ilibe mabuleki, koma ndimanyamula anthu otere pamsana popita kukagula feteleza.

Pathumba la kumanzere pali Black Sabbath. Apa mpomwe ndinatchera khutu, chifukwa nkhani yake ndi ya anthu aganyu ngati ife. Gululi linayamba mu 1968 ku Birmingham, mzinda wa mafakitale. Woimba gitala wawo, Tony Iommi, ali ndi zaka 17 makina odulira zitsulo anamudula nsonga za zala ziwiri. M'malo mosiya, anasungunula botolo lapulasitiki n'kupanga tizivindikiro tovala kuzalazo, kenaka anamasulako nsambo za gitala kuti zisamamupweteke. Mawu a gitalayo anatsika n'kukhala olemera, ndipo ambiri amati heavy metal inabadwira pamenepo. Woimba wawo Ozzy Osbourne anatsanzikana ndi omukonda pa bwalo la Villa Park pa 5 July 2025, n'kumwalira pa 22 mwezi womwewo. Dziko linalira. Ine tsiku limenelo n'kutheka kuti ndinali kudimba, nditavala dzina la gulu lake, ndikulira mtengo wa mankhwala opopera.

Kenaka muphwa uja anandiuza lamulo lalikulu la anthu amenewa. Suvala chigamba cha gulu limene sulimvera. Akakukayikira amakuimitsa n'kukuuza kuti utchule nyimbo zitatu za gululo, ndipo ukalephera amakutcha wonamizira. Ndinawerenga zigamba zanga, ndinachulukitsa ndi zitatu, ndinaona kuti mayeso a JCE amene anandikanika aja anali ofewa.

Pofuna kuti ndisachititse manyazi jekete, ndinamupempha andiimbireko pafoni. Anasankha Slayer. Abale anga, mukudziwa chigayo cha dizilo pamene lamba watsala pang'ono kuduka, mwini chigayo akukalipira wantchito? Ndi zomwezo, kungoti izi anthu amalipira kuti amve. Nkhuku zinabalalika. Mayi a kunyumba anatulukira kukhitchini ndi mthiko m'manja.

"Abambo, chawonongeka n'chiyani?"

"Palibe, amayi. Ndi nyimbo zimene ndimakonda."

Anandiyang'ana, anayang'ana jekete, n'kunena kuti ngati ndi choncho chovalacho chizigona kukhola. Ndinayesa kuwafotokozera kuti eni ake enieni ena sachapa n'komwe jekete zotere, poopa kuchotsa fumbi la kumene anakavina. Anandiyankha kuti pa mfundo imeneyo yokha ndine wa gululo kuyambira kale.

Nkhani inafika kwa mkulu wina wa mpingo. Anandiitanira pambali mapemphero atatha, mwaulemu wonse. "Bambo, zigaza zimene mukuyenda nazozi anthu akuzikamba." Sindinadabwe, chifukwa ngakhale kwawo komweko nyimbozi zinawavuta akuluakulu. Ku America mu 1985 gulu la makolo lotsogozedwa ndi Tipper Gore linakadandaula mpaka kunyumba ya malamulo, ndipo zimbale zinayamba kumatidwa chizindikiro chochenjeza makolo. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko ankaopa mawu a nyimbo. Kuno munthu amazengedwa mlandu wa nyimbo zimene sanazimve.

Ndipo tikanazimva liti? M'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata a ku Birmingham ankapukusa tsitsi lofika m'mapewa, kuno malamulo a nthawi ya Kamuzu ankaletsa mwamuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo mlendo wofika nalo pabwalo la ndege ankayamba wakumana ndi sizasi. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo nyimbo zinkadutsa kaye m'manja mwa oziunika. Anzathu a ku Zambia zaka zomwezo anali ndi Zamrock yawo, magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, magitala akulira mokalipa. Ku Botswana lero kuli okonda metal enieni, otchedwa Marok, ovala zikopa zakuda ndi zipewa za abusa a ng'ombe. Ali ndi magulu awoawo, Wrust, Skinflint ndi Overthrust ya ku Ghanzi, imene imachititsa chikondwerero m'nyengo yozizira chothandizira ana ovutika. Iwowo nyimbo anazilandira ndi makutu. Ife zinatifika mu belo, zopanda mawu.

Muphwa wanga ananditonthoza kuti mlimi si mlendo pa nkhaniyi. Chikondwerero china chachikulu cha metal chimachitikira ku Wacken, kamudzi ka alimi ku Germany, kuyambira 1990, ndipo anthu zikwizikwi amakavina m'matope pamalo odyetsera ng'ombe. Matope ndili nawo, ng'ombe ndingabwereke. Chosowa ndi makutu opirira.

Ndinaganiza zopita kwa telala wa pakhonde la sitolo kuti andisokere jekete yonena zoona. Kumsana Alleluya Band ya ku Balaka. Pachifuwa malemu Lucius Banda. Pathumba Black Missionaries a ku Chileka, ndi kamalo kapadera ka malemu Evison Matafale. Pakolala kwaya ya amayi ya kwathu, poti ndikapanda kuiika nsima ivuta. Telala anaseka mpaka kusiya kupalasa makina. Anati iye zigamba amasoka tsiku lililonse, ndipo nazonso zimanena za mwini wake kuposa za azunguzo. Chigamba cha pabondo ndi cha munthu wokumba mbatatesi. Cha kumatako ndi cha wakabaza. Cha paphewa ndi cha wosenza matumba kukweza m'lole ya ku Lilongwe. Kenaka anayang'ana thalauza langa n'kunena kuti langa latha pamalo okhalira pokha, ndiye akudziwa kale ntchito imene ndimagwira kudimba kuja.

Kwa amene amachita kudula chovala chabwinobwino n'kusokapo dzina, chigamba chimanenadi zimene amakonda. Kwa ife chimanena mtengo umene tinakwanitsa tsiku la msika, basi. Choncho inu akuluakulu a mipingo, inu apongozi ofufuza mkamwini, musaweruze munthu wa ku Lobi ndi zigaza za pamalaya ake. Mukafuna kudziwa nyimbo zimene amakonda, mubwerekeni memory card ya m'foni mwake. Yanga ndikupatsani mosavuta: muli nyimbo zakwaya, reggae ya ku Chileka, ndi uthenga wa munthu amene ndili naye ngongole ya feteleza.