Tsabola Wakale Wayamba Kuwawa

Makolo athu, amene nzeru zawo sitizikana, anatisiyira mwambi wakuti tsabola wakale sawawa. Koma akadakhala ndi moyo kufikira lero, naona anthu a ku Ulaya ndi ku America akulimbirana mbale za nyimbo zimene ife a ku Chunga tinkavundikira ndowa, ndiyesa akadamema bwalo kuti mwambiwo uzengedwe mlandu.

M'zaka za m'ma 1970, pamene mtsogoleri wa dziko, a Kaunda, analamula kuti wailesi iziimba makamaka nyimbo za m'dziko muno, anyamata a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya malemu Paul Ngozi anajambula nyimbo zotchedwa Zamrock, ndipo mbale zake zambiri zinapangidwa kufakitale ya Teal ku Ndola. Mtengo wa mkuwa utagwa, makaseti nawo atafika, mbalezo zinasanduka zidole za ana, zina n'kukwera galimoto la zinyalala kudzagona kudzala lalikulu la kuno ku Chunga. Zinapulumuka n'zochepa, ndipo chiyambire pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbozi, kuchepako kwasanduka ndalama.

Tsono amalonda afika pakhomo ndi ulemu wa ankhoswe. Akatha kulonjera ndi kufunsa za ana, anyamula mbale ya Lazy Bones!! ya 1975 ndi zala ziwiri, naipenya padzuwa, napukusa mutu, nati, "Ha, atate, yakandika iyi, chikuto chake chiswe chinadya, tsabola wakale uyu. Nanga inu mufuna zingati?" Musapse mtima, pakuti kunyoza katundu ndiwo malonje a ogula onse, ku Kabwata Cultural Village ngakhale ku Soweto Market, koma funso lotsirizalo ndilo msampha, ndipo munthu wodziwa mwambo ayankha modzichepetsa, nati, "Nenani ndinu, bwana, oyenda m'maiko," nakhala duu, kufikira mlendoyo atatuluka thukuta.

Komatu nafenso ogulitsa tili nawo machimo athu. Mdzukulu wa ku Chelstone akatsegula foni, naonetsa agogo mtengo wa madola umene wina walemba pa tsamba la malonda a mbale la Discogs, pomwepo agogo ayamba kuwerenga malata a nyumba yatsopano, osakumbuka kuti mtengowo ngwa mbale yosalala, yosapindika ndi dzuwa, ndi kuti wamalonda adzalipira ulendo ndi positi, nadikira wogula miyezi yambiri, iyenso ali ndi ana akudya nsima. Ena awonjezera mtengo chifukwa anavina nyimboyo pa ukwati wawo, ngati kuti wamalondayo analipo, nadya nawo nkhuku. Enanso, poona kuti zakale zayamba kugulidwa, atulutsa mitolo ya makwacha amene anachotsedwa maziro atatu mu 2013. Pamenepo ndiye makolo sananame, popeza pafupifupi nyumba iliyonse ili nawo pansi pa sutikesi.

Inu amene mukali nazo mbalezi, musagulitse katoni yonse pa mtengo umodzi, kapena kuika Amanaz ya mbasela. Mbale iliyonse inenereredwe payokha. Musazikweche ndi mchenga pofuna kuti ziwale. Funsani amalonda awiri kapena atatu, ndipo mukapangana ndi mmodzi musabweze mawu chifukwa wina wabwera madzulo. Makamaka musawaitane tsiku limene ufa watha m'nyumba, pakuti Esau anatsatsa ukulu wake ali ndi njala, ndipo mtengo umene analandira muudziwa nonse.