Kalata ya mwini kampani ya mopu

Okondedwa Achimwene,

Ife kuno tilipo, kungoti msana wanga ukukana kuwongoka. Nkhani ndi yoti mng'ono wanu tsopano ndi mwini kampani yoyeretsa m'nyumba. Antchito ndife awiri, ine ndi alamu anu. Katundu wa kampani ndi mopu, ndowa ziwiri, nsanza ndi botolo la Handy Andy. Likulu lake lili pansi pa bedi lathu ku Cosmo City.

Ntchito yoyamba inatikhaulitsa. Mayi wina wa ku Fourways anaimba foni kuti ali ndi kanyumba kakang'ono, nditchule mtengo. Ndinati R250. Mumtimamu ndinali nditaisintha kale ndalamayo kukhala makwacha, ndikuwerenga malata. Mayiyo anavomera osanenerera, ndipo apa m'pamene ndikanayenera kutsegula maso. Munthu akagula mbuzi yako osakakamira, dziwa kuti waona bere lomwe iwe sunalione.

Kanyumba kaja, achimwene, kanali ndi zimbudzi zinayi. Zinayi! Okhalamo awiri basi. Agalu atatu ogona pasofa, ubweya uli mbwee ngati pometera tsitsi. Mu uvuni munali mafuta amene ndikuganiza anayamba kuuma Mandela akadali pampando. Tinalowa 7 koloko m'mawa, kutuluka 5 koloko madzulo. Titachotsa yokwerera ndi ya sopo, inatsala R130. Alamu anu anatulutsa foni n'kuwerengera: malipiro ochepetsetsa amene boma la kuno linaika mu 2025 anali R28.79 pa ola, koma ife eni kampani tagwirira R6.50 aliyense. Ulendo wonse wobwerera ankangoyang'ana pawindo.

Panopa sinditchula mtengo ndisanaione nyumba. Ndimazungulira chipinda ndi chipinda, kope m'manja, nkhope yolimba ngati mlangizi wa zaulimi. Chimbudzi chili ndi mtengo wake, mawindo wake, uvuni wake, galu aliyense wakenso. Tsiku loyamba limadula chifukwa litsiro lake n'lachikhalire. Pamwamba ndimaikapo kangachepe koti akanenerera nditsitse, monga timachitira pa kaunjika ku Limbe.

Zopeza makasitomala ndinayamba ndi kumata mapepala pamaloboti. Mvula yamatalala inasesa onse sabata lomwelo. Anaimba munthu mmodzi yekha, Mmalawi mnzathu, kufunsa ngati kampani ikulemba ntchito. Chomwe chatithandiza ndi magulu a WhatsApp a anthu oyandikana nyumba. Tsiku lina ndinapeza R100 pansi pa khushoni kwa mayi wa agalu uja. Ndinaiyang'ana, nayonso inandiyang'ana, ndinaiika patebulo. Madzulo ake analemba pagulu lawo kuti wapeza Amalawi okhulupirika ndiponso otchipa. Mawu oyambawo atibweretsera nyumba zisanu ndi imodzi. Achiwiriwo ndiye ndikulimbana nawo mpaka lero, chifukwa aliyense woimba foni amayamba ndi R250 ija ngati ndi dzina langa.

Ya feteleza nditumiza pa Mukuru mwezi ukatha. Koma chonde musauze amalume kuti ndili ndi kampani, angakweze ana awo basi kubwera kudzafuna umanijala. Mukapeza wobwera kuno, mumupatsire usipa ndi mankhwala opaka msana aja amagwiritsa ntchito agogo.

Ndine mng'ono wanu,
Bwana wamkulu, yemwenso ndi wotsuka zimbudzi