Chifalansa cha pa Songani

Pa msika wa Songani, pamene amalonda amayala matemba a ku Chilwa m'mbali mwa msewu wopita ku Liwonde, pali mnyamata wina wogulitsa tomato amene, atamva kuti asilikali a dziko lino akhala akupita ku Congo, kumene amalankhula Chifalansa, kukasungitsa mtendere, anatsimikiza mtima kudziphunzitsa yekha Chifalansa ndi kabuku kothothoka chikuto, nalumbira kuti adzachimaliza mvula yoyamba isanagwe. Taonani, amalankhulira m'mphuno kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, kotero kuti amayi ake, poyesa chimfine, anamuwiritsira mandimu ndi masamba a bulugamu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ndani angamuuze zimenezi, ngakhale kuti ku yunivesite imene kale inkatchedwa Chancellor College, pamtunda wongopalasa njinga, ophunzira amatha zaka zinayi akulimbana ndi chinenero chomwechi? Ine sindimunyoza, pakuti khama lake n'lotamandika. Chondimvetsa chisoni n'chakuti alibe womuyankha. Mlendo amene angafike msanga pa benchi lake ndi wa kutsidya kwa nyanja, ku Mozambique, ndipo kumeneko, abale anga, amalankhula Chipwitikizi.