Pumani, koma musapume

Chichewa chili ndi liwu limodzi losenza katundu wa anthu atatu: kupuma. Pali kupuma mpweya, pali kupuma ukatopa, palinso kupuma pantchito ukakalamba. Tsono akatswiri a misonkhano ya m'mahotela a kunyanja akamalalikira kuti wantchito wosautsika m'maganizo azitsinzina n'kupuma mozama, mbuli ngati ife a kwa Kaomba, amene sukulu tinaionera pawindo, timayesa tchuthi chafika. Ayi ndithu. Akunena kupuma kwa mphuno, kumene bwana aliyense amaloleza ndi mtima wonse chifukwa sikutuluka m'thumba mwake.

Tiyeni tiyese mankhwalawa pa munthu wa pa esiteti ya fodya kuno ku Kasungu. Wayamba ndi nazale dzuwa likuswa mtengo, wawokera, wathyola, wasoka, wapachika m'chigafa, wasankha, wadinda mabelo. Pa ntchito zonsezi wakhala akupuma, apo ayi tikanamva maliro. Wapumanso mozama kuposa mmene akatswiri akufunira, pakuti fumbi la m'chigafa silifunsa chilolezo. Ngakhale khungu lake limapuma nawo: fodya wonyowa amalowetsa nikotini m'thupi, ndipo lipoti la bungwe la Plan la mu 2009 linati mwana wogwira ntchitoyi angathe kuyamwa nikotini wofanana ndi ndudu 50 pa tsiku. Munthu wotere mungamuphunzitse chiyani za kupuma? Mabelo akapita ku okushoni ya Chinkhoma n'kubwezedwa, amapumira m'mwamba. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, feteleza n'kuthawira kumitambo, dziko lonse linapuma wefuwefu popanda wolipira alawansi.

Wina adzati ndikuseka matenda enieni. Sindikutero. Nkhawa imadwalitsa, ndipo apolisi akamalengeza za anthu odzipha, ambiri amakhala amuna, ngongole ikutchulidwa kawirikawiri. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ulendo woti munthu wa kuno agulitse kaye mbuzi. Winanso adzati utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, choncho vuto linatha. Zoona, papepala unapuma pantchito. Koma funsani amene amalandira chimanga pangongole chaka chonse, n'kudzauzidwa pamapeto kuti ndiye ali ndi ngongole kwa bwana, ngati lamulolo linafika kuseri kwa chigafa.

Apa ndisiye nthabwala pang'ono. Nkhawa ya wantchito wa fodya ili ndi dzina, ndipo dzinalo ndi kusadziwa kuti adzalandira zingati komanso liti. Mulembereni malipiro ake papepala asanagwire khasu, mumlipire mwezi ukatha, mumpatse tsiku limodzi pa sabata loti akhale pakhonde. Bwana wokana zimenezi n'kumaphunzitsa antchito kutsinzina akufuna iwo asaone m'buku la malipiro.

Komabe ine sindikana chitukuko. Ndikupempha kuti maphunziro a kupumawa ayambire kwa ogula fodya. Asanalembe mtengo pa belo, atsinzine, akoke mpweya kasanu, aganizire za mwini beloyo amene wagona masiku atatu panja pa geti. Ife tikhala tikudikira pamzere, tikupuma mwa mtundu woyamba uja, poti wachiwiri sitinaulandirebe, ndipo wachitatu ulibe penshoni.