Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko, Koma Abwere ndi Fotokope

Akuluakulu akale adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ankanena za nyumba ya kumudzi pakati pa usiku, anthu onse ali m'tulo, chimbudzi chili kuseri kwa khola. Amene m'mimba mwamupotokola sadikira kuti mnzake amudzukire. Amadzuka yekha, n'kuchotsa mpiringidzo, n'kutuluka chothamanga. Mwambiwu ukadali wamoyo, ndipo masiku ano umagwira ntchito kwambiri m'mabanja amene mwana wasankhidwa kupita ku yunivesite. Dzina likangotuluka pa mndandanda, kaya mwanayo akupita ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku Blantyre, nthungululu zimamveka mpaka kutsidya kwa dambo ndipo tambala wina amafa imfa yadzidzidzi. Koma nkhani ya fizi ikangotchulidwa, m'mimba mwa bambo mumayamba kulira. Vuto n'lakuti amene adapeka mwambiwu ankadziwa chitseko cha mpiringidzo chokha. Chitseko cha lero chili ndi pasiwedi, chimatsekulidwa pa nyengo yake yokha, ndipo pakhomo pali mlonda amene amafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Pepani bambo, kodi muli ndi umboni woti m'mimbamo mukupwetekadi?"

Chitseko chimenechi ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Ntchito yake ndi kubwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite a boma ndi m'mayunivesite ena ovomerezeka omwe si a boma, kuti alipire fizi, agule mabuku, apezenso chakudya ndi pogona. Ntchito ina ndi kutolera ngongole kwa amene adabwereka kale. Chaka ndi chaka makolo ndi ophunzira amadandaula kuti njira yofunsira loniyi ndi yaminga, mafunso ndi ambiri, mapepala satha. Dandauloli n'lomveka, koma nthawi zambiri limaloza chala kumene kulibe mlandu. Maloko onse ali pachitsekochi tidakhoma ndife tomwe. Ena adakhomedwa chifukwa cha anthu amene amabwera akubuula pomwe m'mimba mwawo muli zii, ena chifukwa cha amene adalowa kalekale, adathandizidwa, ndipo potuluka adaiwala njira yobwerera. Chomvetsa chisoni, komanso choseketsa ngati munthu uli ndi mtima wolimba, n'chakuti makiyi a maloko amenewa amavuta kwambiri m'manja mwa munthu amene akudwaladi.

Taonani funso lomwe fomu iliyonse yofunsira thandizo siiliiwala: kodi makolo anu amapeza ndalama zingati? Kwa mphunzitsi kapena namwino funsoli n'losavuta, pepala la malipiro limayankha lokha. Koma likafika kwa mlimi wa soya ndi mtedza, limasanduka mayeso a masamu oposa a MSCE. Iye ndalama amaiona kamodzi pachaka, mavenda akafika ndi sikelo zawo, ndipo pofika Okutobala imakhala itasanduka feteleza, malata awiri ndi chopepesa pa maliro a apongozi. Mwana ali chigwirire foni akufunsa kuti, "Ababa, ndilembe zingati pamwezi?" Bambo akuyang'ana nkhokwe, akuyang'ana mbuzi, kenako akufunsa kuti, "Mwezi wake uti, mwanawe? Wa Meyi kapena wa Febuluwale?" Funso la bamboyo ndi lanzeru kuposa la pa fomu, chifukwa munthu yemweyo mu Meyi ndi bwana wogulira anzake zakumwa, mu Febuluwale ndi waganyu wolipidwa madeya. Mayi wogulitsa mandasi naye sadziwa ngati alembe ndalama yomwe imalowa m'chitenje madzulo kapena yomwe imatsala akagula ufa, mafuta ndi nkhuni, akaperekanso ya banki m'khonde. Fomu imafuna nambala imodzi, pomwe moyo wa anthu ambiri m'dziko muno sukhala pa nambala imodzi.

Kenako pali nkhani ya ulemu. Munthu wamkulu wakhala zaka zonse akuphunzira kubisa umphawi wake: jekete la pa kaunjika kulisita mpaka lioneke la mu sitolo, pa chinkhoswe kufupa modzionetsera, pa bawo kunena kuti mwana wanga ndidzamuphunzitsa ndekha mpaka kumapeto. Lero akuuzidwa kuti avule zonsezo, alembe mwatsatanetsatane kuti alibe kanthu, ndipo apeze mboni zovomereza. Ambiri zimawakanika, ndipo mwamanyazi amakwezako nambala pang'ono, ngati kuti amene akawerenge fomuyo ku Lilongwe akufuna kukwatira mwana wawo. Onjezani apo chisokonezo cha yemwe ali mwini mwana. Fomu imadziwa bambo, mayi kapena womusamalira mmodzi, koma m'mabanja ambiri fizi ya ku sekondale idachokera m'matumba asanu: malume mwini mbumba adalipira teremu ina, azakhali adagula yunifolomu, achimwene a ku Johannesburg adatumiza kawiri kenako foni yawo idasiya kupezeka, mpingo udathandizapo Folomu 4. Mwana akalemba malume amene ali pa ntchito, amaoneka wopeza bwino, pomwe malumewo ali ndi ana awoawo asanu ndi adzukulu ena ali pamzere. Akapanda kuwalemba, amaopa kuti wanama.

Mwana wamasiye ndiye amakumana ndi nthabwala yowawa kuposa zonse. Wonena kuti makolo adamwalira amayembekezeka kusonyeza umboni, ndipo izi n'zomveka. Koma lamulo lokakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa m'dziko muno lidayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo chiphaso cha unzika anthu ambiri adachilandira m'kalembera wa mu 2017. Bambo amene adamwalirira kunyumba mwanayo ali wakhanda sadasiye pepala lililonse. Mudzi wonse ukudziwa, mtumbira ulipo, adzukulu amene adakumba manda akadali moyo ndipo akukumbukira ngakhale ndiwo zomwe adadya tsikulo, koma adzukulu alibe chidindo. Ndiye ulendo umayamba: kwa amfumu, amene mwina apita kukaweruza mlandu wa malire a munda, kenako ku boma, komwe bwana woyenera kusaina ali ku msonkhano, kenako kubwerera mawa. Ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza ndi minibasi. Pomaliza mwana uja amakhala atamaliza kutsimikizira dziko lonse chinthu chomwe wakhala akuchidziwa moyo wake wonse.

Ena anganene kuti zonsezi n'zakale, popeza masiku ano anthu amafunsira loni pa intaneti. N'zoona kuti intaneti idachepetsa maulendo ndi maenvulopu osochera, ndipo palibe wanzeru amene angafune kubwerera m'mbuyo. Koma intaneti ili ndi tsankho lakelake. Mwana wa m'tauni amadzaza fomu atakhala pa sofa, akalakwitsa amafunsa mkulu wake amene adadutsamo kale. Mwana wa kumudzi amakwera pa chulu kusaka netiweki, ndi foni yobwereka yomwe galasi lake lidasweka, bandulo ikutha ali pa tsamba lachitatu. Akapita pa kasitolo kojambula mapepala pa msika, amapeza magetsi azima. Akayaka, mnyamata wa pakompyutayo, amene tsikulo ndiye nduna ya zamaphunziro ya dera lonse, amamutsegulira imelo yomwe pasiwedi yake amaidziwa ndi iye yekha. Kujambula chiphaso ndi ndalama, kusindikiza ndi ndalama, kutumiza ndi ndalama. Kutsimikiza umphawi kuli ndi mtengo wake, ndipo amene angaukwanitse mosavuta ndi amene sali pa umphawi.

Apa ndipo pamafika anzathu aja opanda vuto la m'mimba. Aliyense amawadziwa ngakhale palibe amawatchula. Kunyumba kuli mpanda wa njerwa, chigayo chikulira, minibasi ziwiri zili pamsewu, koma nyengo ya loni ikafika banja lonse limagwidwa ndi umphawi wadzidzidzi. Mwana amene wakulira m'tauni amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi agogo kumudzi, ndipo pa pepala amasamukira komweko. Bambo amene ali moyo, onenepa bwino, amasanduka munthu wosadziwika komwe ali. Maganizo awo ndi akuti ndalama za boma zilibe mwini, ndipo wosatolako ndi wopusa. Anthu oterewa fomu saiopa, chifukwa ali ndi kompyuta, ali ndi galimoto yopitira kukadinditsa, amadziwanso Chingerezi cha m'maofesi. Bodza lililonse likagwidwa, amene amagawa ndalama amawonjezera funso lina ndi pepala lina kuti lisadzabwerezedwe. Wabodza uja funso latsopanolo amalidumpha ngati khwawa louma, koma mwana wa mlimi wa soya uja ndiye amagweramo.

Wina angafunse kuti, bwanji osangochotsa mafunso onsewa, aliyense wosankhidwa n'kupatsidwa ndalama monga zinkakhalira kale? Kale limene anthu amalilakalakali linali la dziko lina. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965 inali ndi ophunzira 90 okha, ndipo kwa zaka zambiri inali yokhayo m'dziko muno. Lero, chigawikireni yunivesiteyo mu 2021, mayunivesite a boma alipo asanu ndi limodzi: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST, kuphatikizapo ena ambiri omwe si a boma. Ophunzira ndi zikwizikwi, ndipo kwacha yomwe iyenera kuwadyetsa idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mokha. Thumba likakhala lochepa, kugawira aliyense mofanana kumatanthauza kupatsa mwana wa mwini chigayo ndalama yogulira foni yatsopano ndi kupatsa wamasiye ndalama yosakwana teremu. Kusafunsa mafunso si chifundo. Ndi kupereka mphoto kwa othamanga kwambiri, ndipo taona kale kuti othamanga kwambiri ndani. Mlonda ayenera kukhalapo. Chofunika n'chakuti mafunso ake azifanana ndi moyo wa anthu amene akuwafunsa, ndipo mwana wa kumudzi asamakumane nawo koyamba kutatsala sabata kuti nthawi ithe.

Pamenepa mwambi uja ukufunika kuthandizidwa, chifukwa wodwala wa lero sangatsekule yekha. Mbali ina ndi yake ndithu: palibe amene adzamulembere fomu iye ali chigonere, tsiku lotsekera silimva kuti kunali maliro, ndipo chiphaso, makalata a umboni ndi imelo yomwe pasiwedi yake akuidziwa yekha n'zofunika kuzikonza mayina asanatuluke. Makolo nawo ayenera kumeza manyazi n'kunena zoona, osakweza, osatsitsa. Koma mbali ina ndi ya omuzungulira. Mphunzitsi wa Folomu 4 amene angapatule masana amodzi kufotokozera ana ake kuti loni ndi chiyani ndipo imafuna mapepala ati angapulumutse ana ambiri kuposa amene amawapulumutsa ndi makalasi owonjezera. Wophunzira wa chaka chachitatu amene ali pa holide akhoza kukhala pansi ndi mng'ono wa m'mudzi mwake n'kudzaza naye fomu. Amfumu ndi atsogoleri ena amene amachitira umboni ali ndi mphamvu yoposa onsewa, chifukwa iwo amadziwa nyumba iliyonse, ndipo chidindo chomwe chimagwera pa bodza chifukwa cha nkhuku ya mphatso chimachotsa mwana wina pa mzere, kawirikawiri wa m'mudzi momwemo.

Loko womaliza ndi wamkulu kuposa onse, ndipo adamukhoma ndi anthu ovala mataye. M'nyumba zambiri ndalamayi imatchedwa thandizo la boma, ndipo mawu oti ngongole amamveka pa tsiku losaina lokha. Koma thumbali lidapangidwa kuti lizizungulira: wobwereka dzulo abweze kuti wa lero abwereke. Bungweli lidapatsidwa udindo wotolera ngongole zoyambira chaka cha maphunziro cha 1985/86, ndipo lamulo limafuna kuti olemba anthu ntchito azithandiza kudula ngongoleyo pa malipiro. Pali yankho lomwe limamveka msanga, lakuti tibweze bwanji ntchito kulibe. Kwa mnyamata amene ali ndi digiri m'chikwama ndipo akugulitsa mayunitsi pamsewu, yankholi ndi loona, ndipo palibe amene angafinye mwala kuti utuluke madzi. Koma silikhudza amene adamaliza zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo, ali ndi maofesi, ena ali ndi ana amene chaka chino akufunsiranso loni yomweyo. Ngongole zawo zidatengedwa kwacha isanagwe kambirimbiri, kotero poyerekeza ndi mitengo ya lero zambiri ndi zazing'ono zochititsa manyazi. Anthu amenewa ndi omwe amayamba kudandaula pa maukwati kuti dongosolo la loni silikuyenda bwino. Iwotu safunsidwa kalata ya amfumu, safunsidwa umboni wa manda, safunsidwa kuti amapeza zingati mu Febuluwale. Amafunsidwa funso limodzi lokha, lalifupi kuposa onse a pa fomu ya mwana wa mlimi uja, lakuti mubweza liti, ndipo pa anthu onse ophunzira bwino chotere, n'zodabwitsa kuti ndi funso limeneli lomwe lakanika ambiri.