Ulemu kwa Pawa Sapulayi Yopanda Dzina

Pakati pa ziwiya zonse zokhala m'mimba mwa kompyuta, pamene purosesa imaimbiridwa nyimbo, ndipo khadi ya zithunzi imayatsiridwa nyali zofiira ndi zobiriwira kuti alendo aziisirira kudzera pagalasi, pali wantchito mmodzi amene amakankhiridwa pangodya, nkhope yake itayang'ana kukhoma, osakumbukiridwa kufikira tsiku limene wanunkhitsa nyumba ndi utsi. Ndikunena pawa sapulayi, kabokosi kachitsulo kamene kamalandira magetsi a pakhoma a mavolti 230 n'kuwanyemanyema kukhala mavolti 12, 5 ndi 3.3, amene ziwiya zinazo zingathe kumeza. Ija yolemera, ya dzina lomveka ndi kalata ya chitsimikizo, ili nawo kale oitamanda. Ine ndaimirira kulemekeza ija yotuwa, yopepuka m'manja, imene wogulitsa amakuponyera ngati basera, pambali pake atamatapo pepala lolengeza mopanda manyazi kuti mawati 800.

Kuti ukulu wake uoneke, tiyambe tadziwa mbuye amene imatumikira. Alipo anthu amene, posakhutira ndi liwiro limene opanga purosesa anaika, amalowa mu BIOS usiku n'kuikwapula kuti ithamange koposa muyeso wake, ndipo mwambo umenewu amautcha overclocking. Si wa lero ayi, pakuti m'chaka cha 1998 anyamata a maiko ambiri anatulukira kuti Celeron 300A ya Intel, yogulitsidwa kuti iziyenda pa 300 MHz, inkavomera kuthamanga pa 450 MHz, ndipo chiyambire pamenepo mtundu wao sunagonenso tulo. Koma liwiro lili ndi msonkho wake. Njala ya purosesa imakula molingana ndi liwiro, pamene mavolti amawerengedwa kawiri, kuchulukitsidwa okhaokha. Chotero munthu akakweza mavolti kuchokera pa 1.2 kufika pa 1.4, m'maso mwake wangoonjeza kadontho, chikhalirecho njala yakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu n'kupitirirapo, ndipo akaonjezanso liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, purosesa imene inkakhuta ndi mawati 125 iyamba kulirira 200.

Munthu wotereyu ali ngati mwini ukwati amene waitana midzi itatu yoonjezera, wagula suti ndi nsapato zonyezimira, koma sanapite kuseri kukauza amayi a kumoto kuti alendo achuluka, ngakhale kufunsa ngati ufa ulipo. Mayi wina aliyense akanataya mthiko n'kupita kwao. Pawa sapulayi yathu siyankha, sidandaula, ingoti fani yake ilire mokweza pang'ono, n'kupitiriza kuvundula mphika wopanda ufa.

Tsopano tifike pa pepala lija, pakuti m'menemo ndimo muli luso lake lonse. Pansi pa 800 wolembedwa ndi malembo a msinkhu wa chala pali katebulo ka tizilembo tofuna magalasi, ndipo pamzere wa mavolti 12 mupeza palembedwa, tinene, maampeya 18. Mwana wa sitandade sikisi akhoza kuchulukitsa 12 ndi 18 n'kukuuzani kuti ndi 216. Nanga mawati enawo ali kuti? Ena ali m'maloto a wolemba pepala, amene anatenga mphamvu imene kabokosiko kangatulutse kwa kamphindi, m'chipinda chozizira, pa tsiku lamwayi. Ena, amene ndimawalemekeza koposa, ali pa mizere ya mavolti 5 ndi 3.3. Pamene Intel inakhazikitsa muyeso wa ATX m'chaka cha 1995, mapurosesa ankadyera kumeneko. Koma kuyambira nthawi ya Pentium 4, m'chaka cha 2000, purosesa inasamukira ku mzere wa 12, kumene khadi ya zithunzi nayonso imadyera. Taonani tsono kukhulupirika kwake: pamene dziko lonse lataya miyambo ya makolo, kabokosi kameneka kakuphikirabe mizimu ya makompyuta amene anaikidwa m'manda kalekale, amoyo ali chigonere ndi njala. Wina adzati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine nditi nyerere zimenezo n'zaulemu, zodziwa mbiri.

Alipo anthu ouma mtima amene amakana kuphunzitsidwa nayo. Iwowa amakhala pansi ndi pensulo, nalemba mawati 200 a purosesa yokwapulidwa ija. Nayang'ana khadi ya zithunzi, podziwa kuti polowera pake pa mathabodi pamapereka 75, chingwe cha mapini 6 chimapereka 75, cha mapini 8 chimapereka 150, kotero kuti khadi ya zingwe ziwiri za mapini 8 ili ndi chilolezo chodya 375. Naonjezapo za madisiki, mafani ndi nyali zachabechabe zija. Ndipo akapeza kuti zadutsa 600, amagula ya 850, atawerenga kaye mzere wa mavolti 12. Amafuna chizindikiro cha 80 Plus, chimene chinayamba m'chaka cha 2004, chotsimikiza kuti mwa magawo 100 a magetsi olowa, osachepera 80 amafika kuntchito osasanduka kutentha. Amadziwa kuti pawa sapulayi imagwira bwino ikasenza pafupifupi theka la katundu wake, kuti makapasita amafooka ndi ukalamba, ndi kuti makhadi a masiku ano amameza mwadzidzidzi, chimene chinachititsa kuti muyeso wa ATX 3.0 wa m'chaka cha 2022 ulamule kuti mapawa sapulayi akuluakulu azitha kupirira kawiri mphamvu yolembedwa kwa kanthawi kochepera kuphethira kwa diso. Makompyuta ao amayaka m'mawa, nazima akauzidwa. Kodi moyo wotere uli ndi phunziro lanji?

Yathuyi ndi mphunzitsi wa kudzichepetsa, ndipo imadziwa nthawi yolalikira. Munthu akamalemba kalata siimuvuta. Imadikira kufikira masewera afika pachimake, mdani womaliza watsala ndi mpweya umodzi, anzake aimirira kumbuyo kwa mpando, ndiyeno thi, mdima, kompyuta n'kuyambiranso ngati palibe chachitika. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo tsiku lake lomaliza likafika, poti zoteteza zimene zinzake zili nazo iyo anaimana, kawirikawiri sipita kumanda yokha: imatengako mathabodi, nthawi zina ndi disiki yomwe munali zithunzi za banja lonse.

Pano ndilankhule nanu, achimwene a kuseri kwa mpanda, amene kufuula kwanu kwa pakati pa usiku kwatidziwitsa mudzi wonse maola amene mphunzitsiyu amalowa m'kalasi. Mwaikamo Windows kachiwiri ndi kachitatu, mwatukwana mavairasi, mwasintha RAM, mwayamba kuyang'ana ndi diso loipa agogo a kutsidya kwa msewu, koma kabokosi kotuwako simunakakayikirepo, chifukwa pepala likuti 800. Ine ndakhala chete, pakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Nanunso, bambo a kunyumba ya njerwa, musaseke: munagula ya mawati 1200 kuti muzilembera makalata a komiti ya kutchalitchi, poganiza kuti kompyuta izithamanga, osadziwa kuti makina amangotenga zimene akufuna, zotsalazo n'kukhala papepala ngati digiri ya ulemu.

Koma ophunzira ake okhulupirika koposa ali m'maofesi a akuluakulu oyang'anira magetsi, amene anaphunzira kwa iyo luso lolemba chiwerengero chachikulu pamwamba ndi kubisa chenicheni m'tizilembo. Nawonso amalengeza mphamvu zochuluka pa wailesi, nawonso amadziwa kusankha nthawi, nsima ili pamoto kapena mpira uli pa penate. Ndipo akabwezera magetsi, amawabwezera mwaukali wotha kupsereza chimene pawa sapulayi inachisiya chamoyo. Apa ndiye nthabwala zimandithera, pakuti nyama ya m'firiji yaonongeka, wometa tsitsi wakhala tsiku lonse manja ali m'thumba, ndipo ndandanda ya maola ozimitsa imene amafalitsa imalemekezedwa mofanana ndi 800 uja.

Ndinkafuna kupempha kuti pakhale tsiku la chaka lokumbukira kabokosi kameneka, anthu onse azizimitsa nyali kwa ola limodzi mwaulemu. Ndaleka, poona kuti akuluakulu aja anayamba kale mwambowu popanda kupemphedwa, ndipo amausunga kangapo pa sabata, maola ambirimbiri, ndi changu chimene sitinachionepo pa ntchito ina iliyonse ya m'manja mwao.