Loko wachiwiri wafika mu ofesi

Mnyamata wa IT analengeza Lolemba kuti kuyambira Lachisanu, pasiwedi yokha siidzakwanira kulowera pa Slack, pomwe timatumizirana mauthenga a ntchito. Aliyense aziwonjezera manambala 6 ochokera pa foni yake, kuti wakuba akaba pasiwedi apeze chitseko china chotseka. Anthu onse anayankha ndi kachala koloza m'mwamba kaja, ndipo palibe anawerenga mpaka Lachinayi masana, pomwe mzere wa pakhomo pa mnyamatayo unafanana ndi wa mafuta a galimoto akasowa m'tauni.

Ntchito yake ndi yochepa. Uika Google Authenticator pa foni, ujambula kabokosi ka madonthomadontho kotchedwa QR, ulemba manambala amene atuluka, basi. Koma funso loyamba linali lakuti bandulo agula ndani. Lachiwiri linachokera kwa a akauntanti, amene foni yawo inakana kulandira chilichonse chifukwa yadzaza. Mnyamata uja atawapempha kuti afufute kanthu, anayamba kumuonetsa mavidiyo a chinkhoswe cha mphwawo, imodziimodzi, kuti aweruze yekha ngati pali yoyenera kufufutidwa. Panalibe.

A dalaivala ali ndi foni ya mabatani, choncho anawasankhira njira ya SMS. Apa m'pamene zinadziwika kuti nambala imene ili m'mabuku a ofesi inalembetsedwa mu 2018 ndi chiphaso cha alamu awo, ndipo simu yake ili ndi mayi a kunyumba ku Mchinji. Tsopano a dalaivala akafuna kuona ndandanda ya maulendo, amayamba aimba kumudzi. Manambala amalandiradi, koma amabwera pamodzi ndi nkhani ya feteleza.

Mayi a ku HR anatsala pang'ono kulemba mnyamata uja kalata yochenjeza. Manambala awo ankakanidwa nthawi zonse. Chifukwa chake? Manambalawa amawerengedwa kuchokera pa nthawi ya pa foni, ndipo iwo anapititsa wotchi yawo patsogolo ndi mphindi 10 kuti asamachedwe ku ntchito. Amachedwabe, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Zonsezi ndi zazing'ono. Nkhani yeniyeni ndi ya abwana.

Pasiwedi ya abwana si chinsinsi mu ofesi muno. Ndi dzina la mwana wawo woyamba ndi chaka chimene anabadwa, ndipo amaidziwa a sekilitale, a mesenjala, ngakhale mtsikana amene anabwera kudzaphunzira ntchito chaka chatha. Mauthenga onse aja oyamba ndi "Ndakhumudwa kwambiri" amalemba ndi a sekilitale. Abwana amangomva m'mawa mwake kuti anakhumudwa. Anthu amene anapanga loko wachiwiriyu ankaganiza kuti mwini akaunti ndi amene amaigwiritsa ntchito. Sanafike kuno.

Sabata yotsatira abwana anapita ku msonkhano ku Mangochi, foni m'thumba. A sekilitale anaimba.

"Mwadzuka bwanji, bwana?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu mayi?"

"Tadzuka. Munayenda bwanji?"

"Tinayenda bwino, kungoti msewu. Kunyumba ali bwanji? Uja amadwala uja?"

"Akupezako, zikomo. Pepani bwana, ndimati ndikuvutitseni pang'ono, ngati simunatanganidwe..."

Manambala aja amasintha pa masekondi 30 alionse. Moni wa munthu woleredwa bwino satha pa masekondi 30. Ndipo ndani angaimbire bwana wake n'kungoti "manambala!" ngati kondakitala? Pofika pa mfundo, manambala anali atasintha kangapo, abwana akufunafuna magalasi. Atawapeza anayamba kuwerenga ndi mawu awo a pa msonkhano, mopuma pa nambala iliyonse: "Foo. Naini. Seveni... ayi, ndi wani ameneyu." Kenaka chete. "Mayi, athawa."

Anayesanso. Ulendo uno a sekilitale analumpha za kunyumba, ndipo abwana anafunsa ngati pali vuto, poti akumveka okwiya.

Atabwerako, abwana anaitanitsa msonkhano wa akuluakulu, wokhala ndi Fanta ndi masikono. Mnyamata wa IT anafotokoza kuti pali manambala apadera osungira tsiku la tsoka, foni ikatayika, ndipo iliyonse imagwira kamodzi kokha. Anatsindika kuti asungidwe pobisika. A mesenjala anawasindikiza pa pepala n'kuwamata ndi selotepi pa kompyuta ya a sekilitale, pambali pa kalendala. Pofika kumapeto kwa sabata anali atatha.

Nzeru inachokera kwa abwana eni ake. Anagula foni ina ya iwo okha, ndipo yakale ija, ya manambala, anaisiya mu ofesi. Imakhala mu dirowa ya a sekilitale, dirowayo imakhomedwa, kiyi amasunga a mlonda, poti ndi okhawo amene sapita ku maliro pakati pa sabata. Aliyense wofuna kulemba m'dzina la abwana amayamba wapita ku geti kukapereka moni.

Mnyamata wa IT watumiza lipoti ku likulu kuti chitetezo chakhwima m'madipatimenti onse. A mlonda nawo apereka kalata yawo kwa mayi a ku HR, yopempha alawansi ya IT.